MAKINA OSEMA MATABWA MOTSOGOZEDWA NDI KOMPYUTA (Gawo Loyamba)

Mmisiri wa matabwa akalandira ntchito yopanga zitseko 40 za makabati, zonse zofanana muyeso ndi maluwa ake, chitseko choyamba chimatuluka bwino pakuti maso amakhala ali tcheru ndipo mkono ukadali ndi mphamvu. Mavuto amayamba cha ku chitseko cha 30, dzanja litatopa, pamene kuphonya ndi mamilimita awiri okha kumachititsa chitseko kukana kutsekeka. Apo thabwa lawonongeka, ndalama yalowa m'madzi, ndipo mwini makabati wayamba kukayika. Makina otchedwa CNC router adapangidwa kuti athetse vuto lotere, pakuti iwo amasema chinthu chomaliza monga momwe adasemera choyamba.

Nzeru imeneyi idayambira ku America. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons, amene fakitale yake ya ku Traverse City m'chigawo cha Michigan inkapanga mapiko a helikopita, pamodzi ndi injiniya wake Frank Stulen, adayamba kuwerengera kapindikidwe ka mapikowo ndi makina a IBM owerenga makadi obooledwa. Mu 1949 gulu la nkhondo la mumlengalenga la dzikolo lidapereka ndalama zopititsira ntchitoyi patsogolo, ndipo mu 1952 sukulu ya ukachenjede ya MIT idaonetsa makina osema zitsulo amene ankatsata manambala olembedwa pa tepi yobooledwa. Makompyuta atachepa msinkhu ndi mtengo m'zaka za m'ma 1970, tepi idayamba kusiyidwa, ndipo nzeruyo idafalikira kwa osema matabwa, pulasitiki ndi aluminiyamu. Mu 1985 Parsons ndi Stulen adalandira mendulo ya ulemu kuchokera ku boma la America chifukwa cha ntchito yawoyi.

Maonekedwe a makinawa ngosavuta kuwamvetsa. Pali tebulo lalikulu, ndipo ambiri mwa matebulowa amalandira pulayiwudi yathunthu ya mamilimita 2,440 mulitali ndi 1,220 mulifupi. Pamwamba pa tebulo pamayenda chitsulo chooneka ngati mlatho, chimene chimanyamula mota yozungulitsa kampeni kosemera. Kampeniko kamayenda njira zitatu: chakumanja ndi chakumanzere, chakutsogolo ndi chakumbuyo, ndiponso chakumwamba ndi chakunsi. Amisiri amazitcha njirazi X, Y ndi Z, ndipo iliyonse ili ndi mota yakeyake imene imamvera kompyuta. Malo alionse pa thabwa angathe kutchulidwa ndi manambala atatu amenewa.

Ntchito imayambira pa kompyuta, pamene mmisiri amajambula chinthu chofunikacho ndi miyeso yake yonse pa pulogalamu ya CAD. Akatero amatengera chojambulacho ku pulogalamu ya CAM, kumene amasankha kampeni, kuya kwa mzere uliwonse ndi liwiro loyendera. Pulogalamuyi imasandutsa zonsezi kukhala malamulo afupiafupi otchedwa G-code, amene makina amawerenga mzere ndi mzere. Lamulo la G00 limauza kampeni kuti kathamangire pamalo ena kosasema kanthu, G01 kuti kaseme mzere woongoka, pamene G02 ndi G03 ndi a mizere yokhota, lina motsata kayendedwe ka wotchi, linalo mobwerera.

Pamene ambiri ongoyamba kumene amapunthwa ndi pa liwiro. Mota ya makinawa imazungulira kokwana 18,000 kapena 24,000 pa mphindi imodzi. Tsono kampeni ka mano awiri kakamazungulira kokwana 18,000 kakuyenda mamilimita 3,600 pa mphindi, dzino lililonse limabenthula gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Tizibenthu timeneti ndi timene timachoka ndi kutentha. Wamantha akachepetsa kwambiri liwiro loyendera, kampeni kamangokhuza pamalo amodzi, thabwa limada ndi kupsa, ndipo mano amabuntha msanga. Wophuma naye akathamangitsa makina mopitirira, kampeni kamathyoka. Paja akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mtengo wolimba monga mlombwa umafuna kusemedwa pang'onopang'ono, mobwereza kangapo, kusiyana ndi paini amene ali wofewa.

Chachiwiri ndi kagwiridwe ka thabwa. Makina saona, amangokhulupirira kuti thabwa lili pamene adauzidwa. Nchifukwa chake mmisiri asanayambe amawasonyeza poyambira, ndiye kuti ngodya ya thabwa ndi pamwamba pake, ndipo miyeso yonse imawerengedwa kuchokera pamenepo. Thabwa likasuntha pang'ono, kapena poyambira pakaphonyeka, makina amapitiriza kusema molakwika mpaka kumapeto. Ena amamanga thabwa ndi zopanira, ena ali ndi matebulo a timabowo tokoka mpweya timene timakanikiza thabwa pansi. Pansi pa thabwa amayala bolodi lina lotayika kuti kampeni kakaboola kasaononge tebulo.

Komatu walira mvula walira matope. Makina akuluakulu amafuna magetsi amphamvu a mafakitale, ndipo kumene magetsi amazimazima ntchito ingathe kuima pakati, makina ndi kuiwala pamene adafika. Mmisiri wochenjera amalemba manambala a poyambira m'kabuku kuti athe kubwererapo magetsi akayaka. Phokoso lake limagonthetsa makutu osatetezedwa, ndipo utuchi wake umakhala wosalala ngati ufa. Mu 1995 bungwe la IARC, limene lili pansi pa bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, lidaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Motero paipi yokoka fumbi, chophimba pamphuno, magalasi a m'maso ndi zotsekera m'makutu ziyenera kuwerengeredwa pamodzi ndi mtengo wa makina. Wogwira ntchito asasiye makina akusema okha, pakuti utuchi ukatentha umayaka, ndipo dzanja lake lisatalikire batani lofiira loimitsira mwadzidzidzi.

Ena amaopa kuti makinawa adzalanda amisiri ntchito. Nzoona kuti ntchito yobwerezabwereza imene kale inkafuna anthu angapo tsopano ingatheke ndi munthu mmodzi. Koma makina sadziwa thabwa louma ndi laliwisi, sadziwa kumene mitsempha ya mtengo yalowera, ndipo sangalumikize kapena kupaka polishi mpando umene asema. Amapindula nawo kwambiri ndi mmisiri amene adaudziwa kale mtengo ndi manja ake, kenaka ndi kuwonjezerapo luso lojambula pa kompyuta.

Gawo lachiwiri lidzafotokoza mitundu ya timipeni tosemera, ndi zimene munthu ayenera kufunsa asanagule makina ogwiritsidwa kale ntchito.