Kuseri kwa nyumba kungathe kudyetsa ana chaka chonse

Pofika mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, ndiwo zamasamba zimasowa m'makomo ambiri ku Songani, m'dera la mfumu yaikulu Malemia m'boma la Zomba. Mabanja amene alibe dimba m'mbali mwa mtsinje wa Domasi amadalira mfutso kapena kukagula mpiru pamsika, ndipo ndalama ikasowa mwana amamwa phala lopanda kanthu. Chonsecho kuseri kwa nyumba zambiri kuli malo amene chaka ndi chaka amangomera udzu, eni ake n'kutchetcha, kenaka n'kutentha.

Malo otere angathe kusanduka kankhalango ka chakudya. Uwu ndi munda wa pakhomo momwe mitengo ya zipatso, nandolo, nthochi, chinangwa ndi mbewu zoyanga zimamera mosakanikirana ngati m'thengo, ndipo zambiri mwa izo zimakhala zaka osadzalidwanso.

Nkhaniyi ndi ya zaumoyo. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa kudya kuchokera m'magulu 6 a zakudya tsiku lililonse, ndipo magulu 5 angapezeke pakhomo pomwepo: zokhutitsa monga chinangwa ndi mbatata, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso, komanso zamafuta, zomwe peyala ndi chimodzi mwa izo. Gulu lotsalalo limabwera ndi mazira a nkhuku zopalasa pansi pa mitengoyo.

Zimene alimi a ku Songani adaonetsa kale

Kusakaniza mitengo ndi mbewu si kwachilendo kuderali. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku Bunda College adagwira ntchito ndi alimi a ku Songani kuyesa kudzala jerejere, ombwe ndi nandolo m'minda ya chimanga pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Mitengo yonseyi imatenga naitirojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka kudzera m'mizu ndi masamba ake. Koma patapita zaka, umene alimi ambiri adapitiriza kudzala ndi nandolo, chifukwa kuwonjezera pa chonde ndi nkhuni, amapereka ndiwo.

Phunziro lake ndi lomveka: mtengo umene banja likudyapo ndi umene limauthirira ndi kuutchinjiriza ku mbuzi. Choncho pokonza kuseri kwa nyumba, yambani ndi zimene zibweretse chakudya msanga, zochedwa kubereka zizikula pakati pa zinzakezo.

Mmene mbewu zimakhalirana

Pamwamba penipeni pamakhala mitengo ikuluikulu monga mango ndi mapeyala. Pabwalo laling'ono umodzi kapena iwiri ndi yokwanira, ndipo ikhale patali ndi khoma kuti mizu isang'ambe maziko a nyumba. Mango omezanitsa amayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, pomwe odzala nthanga amachedwa kwambiri.

M'munsi mwake mumabwera mapapaya, magwafa, mandimu, nthochi ndi chammwamba. Papaya amabereka pasanathe chaka chimodzi ndi theka, ndipo chammwamba chikamadulidwa pafupipafupi chimaphukira masamba pamsinkhu woti munthu athyole ataima pansi. Kenaka pali nandolo, amene akadulidwa mukakolola amaphukiranso n'kubereka chaka chotsatira, ndi chinangwa, chimene chimapereka chigwada ngakhale masamba ena onse atauma. Pansi penipeni payange mbatata ndi maungu, zimene zimaphimba nthaka ndi kupereka kholowa ndi nkhwani. Bonongwe, luni ndi chisoso zikamera zokha, musazule zonse. Zisiyeni zina zibereke njere.

Ubwino wa kusakaniza uku umaoneka mvula ikavuta, monga zidachitikira m'chaka cha 2024 pomwe ng'amba ya El Niño idaumitsa chimanga m'maboma ambiri. Mizu ya mitengo ndi ya nandolo imalowa pansi kwambiri kukapeza chinyontho chimene chimanga sichingafikeko.

Kuyamba pa udzu

Musatenthe. Tchetchani udzuwo usanabereke njere ndipo muusiye pomwepo. Pamwamba pake yalani makatoni akale opanda pulasitiki, muwanyowetse, kenaka muphimbe ndi masamba ouma, mapesi kapena makoko a mtedza. Udzu ukasowa kuwala umafa n'kuwolerana, kukhala manyowa. Kapinga yekha ndiye wovuta chifukwa amaphukira kuchokera ku mizu yake, choncho mukumbeni ndi khasu n'kutola mizu yonse musanaphimbe.

Yambani ndi kachigawo kakang'ono kamene mungathe kuthirira, makamaka pomwe madzi a kubafa ndi otsukira mbale amathera. Kumbani dzenje lozungulira, lalikulu pafupifupi mita imodzi, mudzazemo masamba ndi zinyalala zowola, ndipo m'mbali mwake mudzale nthochi ndi mapapaya. Mbewu ya nthochi itengedwe pa phata lathanzi, chifukwa matenda a chisaka, amene adawononga nthochi zambiri ku Thyolo ndi Mulanje, amafala kudzera m'mphukira zodwala. Mpanda umangidwe mbande zisanalowe m'nthaka, pakuti mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola, tsiku limodzi zimatha ntchito ya miyezi isanu.

Nanga udzudzu ndi njoka?

Makolo ambiri amasesa bwalo mpaka kuyera poopa zimenezi, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Koma udzudzu wa malungo suswana m'masamba. Umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo pamatenga sabata kapena kuposerapo kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Dzenje la kubafa lodzaza ndi masamba limamwa madzi tsiku lomwelo, motero limachotsa chithaphwi chimene chinali kale pamenepo. Ngati madzi akugona m'dzenjemo masiku awiri, likulitseni kapena muwonjezere zinyalala. Kugona m'masikito usiku uliwonse kusaleke.

Kuzungulira nyumba siyani kanjira koyera, ndipo tinjira ta m'mundamo tizioneka bwino kuti ana aziona pomwe akuponda. Zophimbira nthaka zisagunde khoma, kuopa chiswe. Madzi a kubafa ndi a mitengo yokha, asathiridwe pa masamba kapena zipatso zodyedwa zosaphika. Ombwe ali ndi poizoni, choncho asadzalidwe posewerera ana. Chigwada chisinjidwe ndi kuphikidwa mokwanira kuti poizoni wa m'masamba ake achoke.

Kuchoka m'munda kufika m'mbale ya mwana

Kwa mavolontiya a m'makeya gulupu, ntchito siithera pa kudzala. Mwana akakwana miyezi 6 amayamba kudya zakudya zowonjezera uku akupitiriza kuyamwa, ndipo m'mimba mwake ndi mochepa, choncho supuni iliyonse ikhale ndi kanthu. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, papaya wakupsa, mango ndi masamba obiriwira zimapatsa thupi vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, n'chifukwa chake nsinjiro kapena peyala woponderezedwa m'phala ndi wofunika. Gwafa ndi mandimu zili ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nandolo ndi m'masamba, motero zimathandiza kupewa kuchepa kwa magazi.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mbande yodzalidwa mvula itangokhazikika ndi imene imagwira bwino chilimwe chisanafike. Maenje, manyowa ndi mpanda zikonzedwe mu Okutobala ndi Novembala. Mbewu zambiri sizifuna ndalama: mitengo ya chinangwa, kholowa wodzala, nthanga za papaya ndi nandolo wodzaza dzanja zimapezeka kwa anansi, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuuzeni kumene kuli mbande zomezanitsa.