Tsabola ndi ululu wa m'matumbo: zomwe kafukufuku wa pa mbewa waonetsa

Kwa anthu ambiri a ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua m'boma la Dedza, ndiwo za usipa kapena utaka sizikoma popanda kambuzi. Koma pali ena omwe akangodya tsabolayu m'mimba mumawaotcha. Akatswiri a sayansi akhala akufufuza gwero la zimenezi pa mbewa ndi makoswe a mu labotale.

Chomwe chimawawitsa tsabola ndi mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin. Mu 1997, gulu la David Julius wa pa University of California ku San Francisco linapeza puloteni yomwe tsopano imatchedwa TRPV1 m'mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ku ubongo. Puloteniyi imadzidzimuka ikakhudzidwa ndi capsaicin, monganso imachitira ndi kutentha kopitirira madigiri 43. Nchifukwa chake wodya tsabola amamva ngati wapsa. Ntchitoyi inampezetsa Julius mphotho ya Nobel mu 2021.

Mitsempha yotereyi ilinso m'matumbo. Pofuna kuyeza ululu, ofufuza amalowetsa kabaluni m'thumbo la mbewa, n'kukafufumitsa pang'onopang'ono, kwinaku akuona momwe minofu ya pamimba ikukungikira. Mu 2005, ofufuza a pa University of Iowa anapeza kuti mbewa zopanda TRPV1 sizimva kwambiri kufufuma kwa thumbo poyerekeza ndi zinzake.

Chodabwitsa nchakuti capsaicin yemweyo akamaperekedwa mobwerezabwereza, mitsempha ija imafooka ndipo ululu umachepa. Apa ndi pomwe pagona chiyembekezo chopeza mankhwala atsopano.

Kwa anthu, kafukufuku wa ku London wa mu 2008 anaonetsa kuti odwala matenda a Irritable Bowel Syndrome, omwe amapweteketsa m'mimba kawirikawiri, ali ndi mitsempha ya TRPV1 yochuluka kuposa katatu poyerekeza ndi anthu athanzi.

Komabe mbewa si munthu, ndipo mlingo wa mu labotale ndi wosiyana ndi tsabola wa m'mbale. Zotsatirazi sizikutanthauza kuti kambuzi ndi mankhwala. M'madera a m'mphepete mwa nyanja, kupweteka kwa m'mimba kungayambenso ndi likodzo, njoka za m'mimba kapena zilonda. Ululu ukapitirira masiku angapo, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, ndi bwino kuthamangira kuchipatala, monga cha Mua, kukayezetsa.