Mlangizi Naye Amaphunzira kwa Ana

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Malosa, monganso ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, alipo ana amene anabadwa ndi kachirombo ka HIV. Chiyambire 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere, ambiri a iwo akukula bwino ndipo ali pa sukulu.

Mu 2010 bungwe la Dignitas International linatsegula Teen Club pa chipatala chachikulu cha Zomba. M'makalabu otere achinyamata amakumana Loweruka kamodzi pa mwezi. Amasewera, amalandira mankhwala, nacheza ndi alangizi.

Mlangizi amapitako kukaphunzitsa, koma amabwerako ataphunzira. Amakapeza kamtsikana kamasiye komwe kamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ngakhale anzake amakanyogodola ku sukulu. Kamtsikana komweko ndiko kamatonthoza mnzake wachilendo amene akulira pakona. Kumeneku ndiko kupirira, sabr, kumene akuluakulufe nthawi zina timangokutchula pakamwa.

Makolo, mwana wotere musamutsekere m'nyumba. Muuzeni zoona pang'onopang'ono molingana ndi msinkhu wake, ndipo kafunseni ku chipatala chanu za kalabu imeneyi. Mwana wodziwa chimene akumwera mankhwala sawataya wamba.