NTCHITO KWATHU KONKUNO: KHONSOLO YA LILONGWE NDI MISIKA YA MITUNDU NDI NATHENJE

Munthu amene anayendapo pa mseu wa ku Bunda m'bandakucha amadziwa zimene amakumana nazo. Dzuwa lisanatuluke, njinga zimakhala zitandandana kale kulowera mumzinda wa Lilongwe. Zina zimasenza matumba a makala, zina nkhuni, zina madengu a matimati ndi kabichi, zinanso nkhuku. Pa mseu waukulu wa M1, umene umachokera ku Dedza kudzera pa Nathenje, zinthu zili chimodzimodzi. Ambiri mwa opalasa njingazo ndi anyamata, ndipo ena mwa iwo anasiya satifiketi ya Fomu 4 m'sutikesi kunyumba. Madzulo amabwerera ali wefuwefu, m'thumba muli ndalama yongokwanira ndiwo ndi sopo.

Kholo lililonse likaona zimenezi limadzifunsa mumtima kuti, "Kodi mwana wangayu adzakalamba akupalasa njinga? Kodi ntchito yoti munthu n'kumangira banja singapezeke kwathu konkuno?" Funso limeneli likukhudza boma, likukhudza mabanja, komanso likukhudza bungwe limene ambiri a ife timangolimvera pa wailesi, ndilo Khonsolo ya Boma la Lilongwe.

Kodi khonsolo imeneyi n'chiyani?

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Mzinda wa Lilongwe uli ndi khonsolo yakeyake. Koma midzi yonse yozungulira mzindawo, pamodzi ndi malo a malonda monga Mitundu, Nathenje, Nsundwe ndi Namitete, ili m'manja mwa Khonsolo ya Boma la Lilongwe. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'dera la khonsoloyi munali anthu 1,637,583, pamene mumzinda munali anthu 989,318. Palibe boma lina m'Malaŵi limene linali ndi anthu ochuluka chotere. Kalembera yemweyo anaonetsanso kuti pafupifupi theka la Amalaŵi onse anali ana osakwana zaka 18. Chotero chaka ndi chaka khamu la achinyamata limatuluka m'sukulu kudzafuna pogwira, pamene minda ya makolo ikunka nicheperachepera chifukwa cha kugawana.

M'khonsolo mumakhala makhansala osankhidwa ndi anthu, ndipo mafumu akuluakulu amakhala nawo pa misonkhano. Ntchito za tsiku ndi tsiku zimatsogoleredwa ndi Bwanamkubwa pamodzi ndi akulu a nthambi za ulimi, zomangamanga, malonda ndi zina. Lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998 linapatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a chitukuko cha madera awo, kusamala misika ndi miseu ya kumidzi, ndi kutolera ndalama zina paokha.

Mlendo ndi mame

Kuti timvetse za lero, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Agogo athu akukumbukira bwino chitukuko chachikulu chimene chinayamba m'chaka cha 1968, chotchedwa Lilongwe Land Development Programme. Chinabwera ndi ngongole ya ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo chinafalikira pa maekala oposa miliyoni imodzi kumadzulo ndi kumwera kwa Lilongwe, chigawo chimene muli Mitundu. Makatapila analambula miseu ndi kukumba milambala yoteteza nthaka. Anakumba mijigo, anamanga misika ya mbewu ndi nyumba za alangizi. Alimi ankalandira feteleza ndi mbewu pa ngongole, nalima chimanga cha makono, mtedza wa chalimbana ndi fodya wa chikopa. Minda inayamba kulembedwa m'kaundula mwa dongosolo lija la ndunda, ndipo ku Dzalanyama kunatsegulidwa famu yaikulu ya ng'ombe.

M'masiku amenewo pogwira panali pambiri. Sukulu ya ukachenjede ya za ulimi ku Bunda inali itangotsegulidwa kumene. Likulu la dziko linali kumangidwa, kufikira linasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo amisiri omanga ndi akalipentala ankafunika tsiku lililonse. Amuna ena ankapita ku migodi ya ku Joni. Bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, linkagula mbewu pafupi ndi mudzi.

Koma akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chitukuko chija chinakonzedwa ndi akatswiri ku maofesi, chinayendetsedwa ndi ndalama za kunja, ndipo mlimi sanafunsidwe zambiri. Ndalama zitatha, miseu yambiri inakumbika, milambala inafafanizika, mijigo ina inafa popanda woikonza. Kulemba anthu a ku migodi kunaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, ndipo ngakhale kunayambiranso, kunatheratu cha m'ma 1988. M'chaka cha 1987 boma linalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi, ndipo pang'ono ndi pang'ono misika yambiri ya ADMARC inazilala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ngongole za m'makalabu a alimi zinagwa chifukwa anthu ambiri sanabweze.

Phunziro lake n'lakuti chinthu chimene mwini mudzi sanachipemphe, sachisamala. Pa chifukwa chimenechi, m'chaka cha 1998 dziko linavomereza mfundo ya mphamvu ku anthu, kuti chitukuko chiziyambira pansi. Komabe njira yake sinali yosalala. Makhansala oyamba anasankhidwa m'chaka cha 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, kufikira chisankho cha mu May 2014. Mwana amene anayamba Sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanaonepo khansala. Tisadabwe tsono kuti anthu ambiri mpaka lero sadziwa kuti khonsolo ndi yawo.

Msika ndiwo munda wa khonsolo

Chida chachikulu chimene khonsolo ili nacho potukula malonda ndi msika. Mitundu ili pa mtunda wa makilomita oposa 30 kumwera kwa mzinda, kupitirira pang'ono phiri la Bunda, ndipo msika wake ndi umodzi mwa misika yaikulu ya m'bomali. Chimanga, mtedza, soya, nyemba, mbatata ndi ziweto za m'midzi yambiri zimasonkhana pamenepa zisanapite m'tauni. Nathenje mwayi wake ndi wina: ili m'mbali mwa mseu umene magalimoto a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadutsa usana ndi usiku, ndipo apaulendo amaima kugula za kudimba ndi zina.

Taganizani anthu amene amadya chifukwa cha tsiku limodzi la msika. Pali mlimi ndi wa ngolo amene wamunyamulira katundu. Pali wa kabaza, wokonza njinga, wa chigayo, wa butchala, mayi wophika nsima, telala pa khonde, wowotcherera zitsulo, ndi mnyamata wotumiza ndalama pa foni. Palibe fakitale m'dera lino imene ingalembe anthu ochuluka ngati amenewa.

Wogulitsa aliyense amalipira chiphaso cha tsiku, ndipo ndalama ya ziphaso ndi ya malaisensi a magolosale ndiyo mbali yaikulu ya zimene khonsolo ya kumudzi imatolera payokha. Ndalama imeneyo iyenera kubwerera pamsika pomwepo monga mashedi, zimbudzi, madzi, malo aukhondo ophera nyama, ndi malipiro a osesa ndi alonda. Apa ndi pamene pamabuka mikangano m'misika yambiri ya dziko lino. Ogulitsa amati, "Tilipirenji pamene tikugulitsa pa matope?" Khonsolo imati, "Timange ndi chiyani pamene simukulipira?" Mkangano wotere ulibe wopambana. Mankhwala ake ndi kuchita zinthu poyera: wolipira alandire lisiti, ndipo komiti ya msika iziuzidwa kuti mwezi uno zatoleredwa zingati ndipo zagwira ntchito yanji.

Ndalama zochokera ku likulu

Ndalama za ziphaso pazokha sizingamange mlatho. Gawo lalikulu la chuma cha khonsolo limachokera ku boma ndi kwa abwenzi a kunja. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, thumba la MASAF linazoloweretsa anthu kuumba njerwa ndi kututa mchenga pomanga sukulu, ndiponso kulandira kangachepe polambula miseu. Mu 2006 kunabwera thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lija timati CDF, limene ndalama zake zimadzera ku khonsolo. Mu 2020 Banki Yaikulu ija inavomereza madola 100 miliyoni a ntchito yotchedwa GESD, imene inabwera ndi lamulo latsopano: khonsolo iliyonse iyesedwe chaka ndi chaka, ndipo imene yasunga bwino mabuku a ndalama ndi kumaliza ntchito zake ilandire zochuluka. Kunena kwina, kaundula wosokonezeka ku ofesi amatha kulanda mudzi mlatho kapena shedi ya msika.

Pofika mu 2023 makhonsolo a maboma onse anali kuyendetsa ntchito za M'bwezera Chilengedwe. Anthu osauka koma amphamvu ankalembedwa kwa masiku owerengeka kuti akumbe ngalande zokolola madzi, atseke zigwembe, adzale vetiva ndi kufesa mitengo, nalandira malipiro pamapeto pake. Ntchito yotere ili ndi tanthauzo lalikulu kuno. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, yadulidwa koopsa ndi ootcha makala, pamene madamu a Kamuzu ku Malingunde, amene amamwetsa mzinda wonse, amadalira mtsinje womwewo. Mnyamata amene wapeza ndalama podzala mtengo m'malo moudula wathandiza banja lake ndi dziko lomwe.

Koma tinene zoona: imeneyi si ntchito yoti munthu n'kukwatirirapo. Ndi ya masiku ochepa, ndipo malipiro ake amatha msanga, makamaka chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Phindu lake lenileni limaoneka kwa amene amasungako pang'ono m'magulu a banki m'khonde kapena a COMSIP, kenaka nagula mbuzi, mbewu ya kudimba, kapena kuyamba kageni.

Chimene chikuperewera

Tikayang'ana katundu wotuluka m'misika iwiriyi, tipeza kuti pafupifupi yense amachoka monga momwe anakololedwera. Mtedza umapita wosakazinga, soya wosagaya, mpendadzuwa wosayenga. Kenaka zimabwerera m'mabotolo ndi m'mapaketi, ife n'kugula pa mtengo wokwera. Ntchito imene ana athu akuisowa ili pakati pamenepo, ndipo tikuipereka kwa ena ndi manja athu.

Khonsolo singamange fakitale, ndipo singalembe ntchito achinyamata onse. Koma ingathe kupatula malo pamsika oti amisiri amangepo mashopu. Ingathe kukonza mseu wa kumudzi kuti lole ifike nthawi ya dzinja. Alangizi ake angathe kuthandiza alimi kupanga makopaletivi olembetsedwa, oti azigulitsa pamodzi ndi kugula makina. Ingathenso kupereka makontirakiti aang'ono, monga a madesiki, mafelemu ndi zitseko za sukulu, kwa amisiri a m'dera lomwelo. Nzeru zili pafupi: sukulu ya Bunda, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ili pakhomo penipeni pa Mitundu. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limathandiza maphunziro a ntchito za manja, ngakhale kwa amene sanapite patali ndi sukulu.

Mbali yathu

Pulani ya chitukuko cha boma siyambira ku ofesi ya Bwanamkubwa. Imayambira m'komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, imene timati VDC. Zofuna za midzi zimapita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, ndipo kuchokera kumeneko zimakafika ku khonsolo. Chimene sichinatchulidwe pansi pa mtengo kwa gulupu n'chovuta kuti chidzalembedwe m'buku la pulani. Nanga pa misonkhano imeneyi pamakhala yani? Kawirikawiri ndi akulu okhaokha. Achinyamata amakhala ali pa bawo kapena pa mpira, nati, "Mukatimverere." Tikumbuke kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Inu achinyamata, pitani ku misonkhanoyi, ndipo mukalankhule mwaulemu koma momveka. Mukapemphe zinthu zobala ntchito: malo a amisiri, magetsi pamsika, mlatho wopita ku madimba. Musanyoze ntchito ya manja. Kalipentala waluso sagona ndi njala, ndipo satifiketi ya Fomu 4 imamuthandiza kuwerengera bwino mitengo ya matabwa ndi kulemba kalata yopempha kontirakiti.

Inu makolo, dziwani dzina la khansala wanu, ndipo mufunseni za ndalama zimene zabwera m'dera lanu ndi kumene zapita. Mukalipira chiphaso, landirani lisiti, pakuti ndalama yopanda lisiti sifika kumene ikuyenera. Mwana akafuna kuyamba dimba kapena khola, mpatseni kachigawo ka munda mudakali moyo, kuti aone kuti kwawo kuli tsogolo. Ndipo mukabwereka m'gulu, bwezani, kuti zimene zinagwetsa makalabu a makolo athu zisatigwerenso.

Chitukuko cha 1968 chinabwera pa makatapila, ndipo chinapita ndi eni ake. Cha lero chikubwera pang'onopang'ono, kudzera m'ziphaso za pamsika ndi m'misonkhano ya pansi pa mtengo. N'chochedwa, ndipo nthawi zina chimakhumudwitsa. Koma tikachigwira ndi manja awiri, tsiku lina njinga za pa mseu wa ku Bunda zidzasenza mafuta oyengedwa pa Mitundu m'malo mwa makala a ku Dzalanyama.