Nyimbo ya "Soldier's Joy" inacokera kuti?

Kum'mawa kwa dziko la United States of America kuli mndandanda wautali wa mapiri. Dera limeneli dzina lake ndi Appalachia. Mukayang'ana pa mapa, muona kuti mapiriwa ayambira ku Canada ndipo atsikira kumwera mpaka ku Alabama. Kale anthu ambiri a kumeneko anali alimi a minda ing'onoing'ono, ndipo nyumba zawo zinali zotalikirana. Nchito yaikulu, monga kusenda cimanga kapena kumanga nyumba, ankathandizana ngati pa dima. Nchito ikatha ankatulutsa mipando panja ndi kuyamba kuvina.

Pa gule wawo panalibe ng'oma. Coimbira cacikulu cinali viyolino. Viyolino amaliza ndi uta monga timalizira kaligo, koma kaligo ali ndi nsambo imodzi pamene viyolino ali ndi zinayi, ndipo uta wake amaumanga ndi ubweya wa kumcira wa kavalo. Mwa nyimbo zimene ankavinira, imodzi yodziwika kwambiri ndi "Soldier's Joy". M'Cinyanja tinganene kuti "Cimwemwe ca Msilikali". Amaiimba mpaka lero, ndipo ambiri akaimva amaganiza kuti inabadwira m'mapiri momwemo. Si conco ayi. Inacita kuwoloka nyanja.

Tiyeni tiitsate kumbuyo. Caka ca 1780 cisanafike, nyimboyi inali itasindikizidwa kale m'mabuku a nyimbo zovinira ku Britain. Mu 1785, mlakatuli wa ku Scotland, Robert Burns, analemba nyimbo za anthu opemphapempha amene anasonkhana pa mowa. Mmodzi wa iwo ndi msilikali wopuma amene anataya mkono ndi mwendo kunkhondo, ndipo Burns analemba kuti mawu a msilikaliyo aziimbidwa pa maimbidwe a "Soldier's Joy". Sakanacita zimenezi anthu akanakhala kuti sakuidziwa kale nyimboyo. Patapita zaka pafupifupi 90, mu 1874, mlembi wa ku England, Thomas Hardy, anaichulanso m'buku lake lina, pofotokoza phwando la anchito a pamunda atatha kukolola. Oimba a ku Norway ndi ku Sweden nawonso amaidziwa.

Nanga inafika bwanji ku America? Inapita ndi anthu. Pakati pa 1717 ndi 1775, anthu oposa 100,000 anacoka ku Ulster, kumpoto kwa Ireland. Ambiri a iwo makolo awo anali a ku Scotland. Anathawa cifukwa eni nthaka ankakweza ndalama zolipirira minda, komanso zaka zina mbewu zinkakanika. Ambiri anatsikira pa doko la Philadelphia. Atapeza kuti nthaka yabwino ya kufupi ndi nyanja ili ndi eni ake, anakwera ngolo kulowera kumwera, kudutsa cigwa ca Shenandoah, mpaka ku mapiri a Virginia ndi North Carolina. Tisaiwale kuti mapiriwo sanali opanda anthu. Munali mitundu ina monga Cherokee, imene pambuyo pake inalandidwa malo ake ambiri.

Pa ulendo wotere munthu satenga katundu wolemera. Viyolino ndi wopepuka, ndipo nyimbo imayenda m'mutu. Oimba ambiri a m'mapiri sankawerenga zizindikiro za nyimbo. Mwana ankaphunzira pomvera atate ake kapena amalume ake, monga mtsikana amaphunzirira nyimbo za pamtondo. "Soldier's Joy" ndi yosavuta kusunga. Ili ndi mbali ziwiri zokha, zazifupi. Woimba amaliza mbali yoyamba kawiri, yaciwiri kawiri, ndiye n'kuyambiranso, mpaka ovina atatopa.

Koma mukamva m'mene amaiimbira ku Scotland, kenaka n'kumva m'mene amaiimbira ku Appalachia, muzindikira kuti panjira panacitika kanthu. Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza anthu a ku Africa.

Mu 1619, anthu ogwidwa ukapolo ku dera limene lero ndi Angola anatsitsidwa ku Virginia, ndipo ambirimbiri ocokera kumadzulo ndi pakati pa Africa anawatsatira. Akapolo ena anaphunzira viyolino, ndipo ndiwo ankaimba pa magule a azungu ndi a anzawo omwe. Anabweretsa kayendetsedwe kawo ka uta, kodukizadukiza, kokankha ovina monga imacitira ng'oma. Akatswiri ofufuza magule apezanso kuti mwambo woti munthu mmodzi aziitanira ovina mokweza, kuwauza kuti tsopano zungulirani, tsopano sinthanani, unayamba ndi oimba akuda. Ku Ulaya ovina ankayenera kuphunzira masitepe kwa mphunzitsi gule asanayambe. Poitanira, aliyense ankatha kulowa m'bwalo.

Anthu omwewa ndiwo anapanga banjo. Mabanjo oyamba anali a cipanda codula pakati, cokutidwa ndi cikopa, comangidwa ku mtengo, mofanana ndi zoimbira za kumadzulo kwa Africa monga akonting wa anthu a mtundu wa Jola ku Senegal ndi ku Gambia. M'zaka za m'ma 1800 banjo inakumana ndi viyolino m'mapiri, ndipo kuyambira pamenepo ziwirizi sizisiyana. Tsono banjo ya cigubu imene anyamata amapanga kumudzi kuno ili ndi dzina limene linazungulira dziko lisanatifike.

Oimba a m'mapiri anawonjezanso nzeru zawo. Poimba nyimbo ngati iyi, ambiri amakunga nsambo yaikulu kuposa m'mene imakhalira nthawi zonse, ndipo amaliza nsambo ziwiri pamodzi. Ina imayenda ndi nyimbo, ina imangong'ung'udza pansi. Motero viyolino mmodzi amamveka bwino ngakhale mapazi akugunda pa matabwa.

Pali nkhani ina imene imanenedwa kawirikawiri ya dzina la nyimboyi. Pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, asilikali ovulala ankapatsidwa mankhwala amphamvu oletsa ululu, dzina lake morphine, ndipo ena anawazolowera osatha kuwasiya. Ndiye ena amati "cimwemwe ca msilikali" ndi mankhwalawo. Zoona, gulu la Gid Tanner, la Skillet Lickers, litajambula nyimboyi ku Atlanta mu 1929, linaikamo mawu ochula morphine ndi mowa. Koma werengani zaka bwino. Burns ankadziwa kale dzinali mu 1785, pamene morphine anapezeka caka ca 1800 citadutsa. Dzina ndi lakale, tanthauzo la mankhwala linabwera pambuyo. Nkhani ikakoma m'makutu, funsani kaye caka cake.

Magalamafoni anathandiza kuti nyimboyi ifalikire, koma anawononganso cinthu cina. Makampani ojambula a m'zaka za m'ma 1920 anagawa nyimbo malinga ndi khungu. Za viyolino ndi banjo ankazigulitsa ngati za azungu a kumapiri, ndipo kwa oimba akuda ankafuna makamaka nyimbo za blues ndi zauzimu. Oimba viyolino akuda anajambulidwa ocepa kwambiri. Patapita mibadwo iwiri, anthu ambiri anayamba kuganiza kuti akuda sanakhalepo m'magule amenewa.

Otsala analipo ndithu. Mmodzi anali Joe Thompson wa ku North Carolina, amene anabadwa mu 1918 ndipo anaphunzira viyolino m'banja mwawo. Mu 2005 acinyamata atatu akuda anayamba kupita kunyumba kwake kukaphunzira nyimbo zake zakale, ndipo anapanga gulu la Carolina Chocolate Drops. Gululi linalandira mphoto ya Grammy mu 2011. Mkuluyo anamwalira caka cotsatira, ali ndi zaka 93.