Thovu Loyera la M'mitengo ndi Chisa cha Chule

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, alimi a kwa Nankumba, ku Malembo ndi midzi ina yozungulira Monkey Bay amaona zinthu zoyera ngati thovu la sopo zitalendewera pa nthambi za mitengo, pamwamba pa mathamanda ndi zithaphwi. Ena amati ndi malovu a njoka, ena amaganiza za matsenga, ndipo ana amazigenda ndi miyala. Paja akuluakulu anati chule anadabwa m'madzi muli mwake. Ife tisadabwe ndi za kwathu konkuno: thovu limeneli ndi chisa cha chule wa m'mitengo, ndipo m'kati mwake muli mazira.

Chuleyu ndi wotuwa, wamkazi amafika mainchesi 3 m'litali, wamwamuna ndi wocheperako. Kunsonga kwa zala zake kuli timapale tomata, ndipo zala ziwiri za kumanja zimayang'anana ndi ziwiri zinzake, kotero agwira nthambi monga munthu agwirira mpini wa khasu. Anthu ophunzira amamutcha Chiromantis xerampelina. Dzinali analipereka ndi Wilhelm Peters wa ku Germany m'chaka cha 1854, ataona achulewa ku Tete ndi ku Sena m'dziko la Mozambique.

Kamangidwe ka chisa nkotere. Usiku wa mvula wamkazi amakwera pa nthambi yoweramira pamadzi, natulutsa madzi onanda amene amawapalasa ndi miyendo yakumbuyo mpaka achite thovu, amuna angapo akumthandiza. Madzi akamthera m'thupi amatsikira m'thamanda kukatunga ena, nabwereranso pa ntchito. M'thovumo amaikiramo mazira oposa 500, nthawi zina kupitirira 1,000. Dzuwa likatuluka, kunja kwa chisa kumauma ndi kuchita chikhokho, koma m'kati mumakhalabe chinyontho. Pakapita masiku 4 kufikira 6, pansi pa chisa pamafewa ndipo ambululu amagwera m'madzi. Motero mazira amapulumuka ku nsomba ndi adani ena a m'madzi.

M'chilimwe, achule ena atakwiririka m'dothi, uyu amakhala phee pa nthambi kapena pa denga la nyumba, miyendo atapinda pansi pa mimba. Dzuwa likakula khungu lake limayera mbuu kuti asatenthedwe, ndipo m'malo mwa mkodzo wamadzi amataya zoyera zonga zitosi za mbalame, kuti madzi asamthere.

Chuleyu ali ndi abale kutsidya la nyanja. Banja lawo lili ndi mitundu yoposa 400, yambiri ya ku Asia, ndipo muno mu Africa muli mitundu 4 yokha. Pa chilumba cha Borneo pali wina wa zala zazitali zolumikizidwa ndi khungu ngati mapazi a bakha. Akalumpha pamwamba pa mtengo amatambasula mapaziwo, natsetsereka mumphepo mtunda wa mamita 15, ndiye mapazi pafupifupi 50, osagwa molimba. Alfred Russel Wallace wa ku Britain analemba za chule ameneyu m'buku lake la m'chaka cha 1869. Wathuyu sauluka, amangolumpha, koma onse awiri amamanga zisa za thovu pamwamba pa madzi.

Tsono mlimi apindulanji? Chakudya cha chuleyu ndi tizilombo, ndipo amatisaka usiku inu muli m'tulo, osafuna malipiro. Alibe ululu ndipo saluma. Koma khungu la chule limamwa chilichonse chili m'madzi. Mukapopera thonje kapena ndiwo zamasamba, musatsukire pampu m'thamanda kapena mumtsinje, chifukwa mankhwalawo amapha ambululu ndi nsomba, ndipo ng'ombe zanu zimamwa pomwepo. Tungani madzi m'ndowa, mukatsukire kutali ndi madzi, kutalinso ndi chitsime.

Polambula munda kapena dimba, siyani mitengo ya m'mbali mwa madambo ndi mitsinje, pakuti popanda nthambi yoweramira pamadzi chuleyu asowa pabwino poikira mazira, ndipo mizu ya mitengoyo ndiyo imagwira dothi lanu kuti lisakokoloke. Makolo, uzani ana aleke kugenda zisazi. Mukampeza m'nyumba, mnyamuleni bwino mukamuike pa mtengo.