Phale, khala ndi dzino: mmene nthaka imaululira za nkhondo zakale

Amene anaumbapo njerwa kapena kukumba chimbudzi m'midzi ya ku Lisungwi amadziwa kuti khasu silitulutsa dothi lokha. Pena limatulutsa mapale a mizeremizere m'milomo, pena makala pamalo pomwe palibe gogo amene akukumbukira kuti panasonkhedwapo moto, pena timiyala takuda tolemera tooneka kuti tinasungunukapo. Zambiri zimaponyedwa kumbali, ana n'kumaseweretsa. Komatu akatswiri ofukula zakale amadalira zomwezi podziwa amene anakhala pamalopo, nthawi imene anakhalapo, ndiponso ngati anasamuka mwamtendere kapena anachita kuthawa.

Mzinda wa York, kumpoto kwa England, ndi umodzi mwa malo amene sayansiyi yagwira ntchito kwambiri. Unayamba ngati msasa wa asilikali. M'chaka cha 71, gulu la asilikali a Aroma okwana pafupifupi 5,000 linamanga linga pomwe mitsinje ya Ouse ndi Foss imakumana, n'kupatcha malowo Eboracum. Poyamba mpanda unali wa dothi ndi mitengo, kenako anamanga wa miyala. Amalonda ndi mabanja anadzakhala m'mbali mwake mpaka panakula tauni. Mfumu yaikulu ya Aroma, Septimius Severus, yemwe anabadwira m'dziko lomwe lero ndi Libya, inafera komweko mu 211 ili pa nkhondo yolimbana ndi mitundu ya kumpoto, ndipo mu 306 asilikali a pamalowa analonga Constantine ufumu. Zimenezi zinalembedwa m'mabuku. Koma likulu lenileni la asilikaliwo linaoneka bwino pakati pa 1967 ndi 1972, pomwe amisiri ankakumba pansi pa tchalitchi chachikulu cha York Minster kuti alimbitse maziko ake omwe anayamba kufooka.

Mmalawi asaone ngati nkhaniyi ndi yachilendo. Matauni athu angapo anabadwa chimodzimodzi. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Mchinji anali Fort Manning, Chitipa anali Fort Hill. Harry Johnston atafika mu 1891 anabwera ndi asilikali ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, yemwe anaphedwa chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira. Fort Lister inamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese, pomwe pankadutsa akapolo. Mabuku a atsamunda amati malingawa anali othetsera ukapolo, ndipo n'zoona, koma ankakhaliranso kumbuyo wokhometsa msonkho. Kuno kwathu, Matope linali doko la pamwamba pa mathithi a Shire, pomwe katundu ndi asilikali ochokera ku Blantyre ankakwerera sitima zopita ku nyanja. Chakumpoto, ku Ntcheu, Inkosi Gomani ya Angoni a Maseko inaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda mu 1896. Ngakhale Luwani, komwe kunakhala anthu othawa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ndi malo a mbiri ya nkhondo, kungoti mbiri yake ikadali m'kamwa mwa anthu amoyo.

Vuto la zolembedwa n'lakuti wolemba amakhala wopambana. Amene anathawira kumapiri, n'kumalima timinda ta m'matanthwe poopa Angoni kapena ogula akapolo, sanasiye kalata. Anasiya mapale, mphero, phulusa ndi manda.

Nanga nthaka imawerengedwa bwanji? Chiyambi chake n'chosavuta: chimene chinatayidwa kale chimakhala pansi, chatsopano pamwamba. Dzala la pamudzi limakula motero. N'chifukwa chake katswiri sakumba ngati wofuna mbewa. Amayeza kachigawo kakang'ono, n'kumapala pang'onopang'ono, kusefa dothi lonse, ndi kulemba kuya kwa chilichonse chimene wapeza. Phale lochotsedwa pamalo pake popanda kulemba lili ngati mboni imene yafika pabwalo la amfumu koma siikukumbuka pomwe inaima mlandu ukuchitika: ilipo, koma palibe chimene ingathandize.

Mapale ndi ofunika chifukwa kaumbidwe ndi kakongoletsedwe ka miphika kamasintha ndi mibadwo. Keith Robinson, yemwe anafufuza kumwera kwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anathandiza kusanja mitunduyi. Miphika ya mtundu wa Nkope, yokhala ndi milomo yokhuthala, ndi ya alimi oyambirira osula chitsulo, ndipo inayamba kuumbidwa cha m'zaka za m'ma 300. Taganizani, nthawi imene Constantine ankalongedwa ku York, kuno ng'anjo zinali zitayamba kale kuyaka. Mtundu wa Mawudzu unadza pambuyo pake kwambiri, ndipo umagwirizana ndi nthawi ya Amaravi.

Zaka zenizeni zimachokera ku khala. Mumpweya muli kaboni wa mtundu wina, wochepa kwambiri, wotchedwa carbon-14. Zomera zimamutenga zikamakula, nyama ndi anthu n'kumutenga podya zomerazo. Chamoyo chikafa chimasiya kulandira watsopano, ndipo amene analimo amayamba kutha pa liwiro lodziwika: theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Makina akayeza amene watsala mu khala, fupa kapena njere, amawerengera nthawi imene chinthucho chinafa. Njirayi anaitulukira ndi Willard Libby wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1960. Imafika mpaka zaka pafupifupi 50,000.

Ili ndi misampha yake. Siipereka chaka chimodzi koma mpata wa zaka. Komanso imanena nthawi imene mtengo unakula, osati tsiku limene unasonkhedwa pamoto. Owotcha makala a ku Zalewa amadziwa kuti tsanya amakula mochedwa ndipo akauma amakhala zaka zambiri osaola. Khala la pakati pa mtengo wotere likhoza kukalambitsa mudzi kuposa msinkhu wake. Motero akatswiri amakondwa kwambiri akapeza njere ya mapira yopserera, poti inamera ndi kukololedwa m'chaka chimodzi. Ndipo pa zinthu za m'zaka 300 zapitazi njirayi imasokonezeka, moti siingasiyanitse bwino moto wa 1790 ndi wa 1890. Pa malinga a atsamunda zimene zimathandiza ndi makoko a zipolopolo, mabatani a yunifolomu, mabotolo osweka ndi mikanda, zomwe nthawi imene zinapangidwa imadziwika.

Mbali imene yapita patsogolo kwambiri posachedwapa ndi ya mano ndi mafupa. Dzino likamakula paubwana limasunga zizindikiro za madzi ndi miyala ya kumene mwanayo ankakhala, ndipo sizisintha ngakhale atasamuka. Ku Driffield Terrace, mu York, mu 2004 ndi 2005 anafukula mafupa a anthu pafupifupi 80 a nthawi ya Aroma, pafupifupi onse amuna, ambiri odulidwa mitu. Atayeza DNA ya asanu ndi awiri mwa iwo, zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2016 zinasonyeza kuti mmodzi anali wochokera ku Middle East, ndipo mano ake anavomereza zomwezo. Mu 2025 akatswiri ena analengeza kuti fupa la m'chiuno la mmodzi lili ndi zipsera za mano a chilombo chachikulu, mwina mkango. Za amuna amenewa palibe buku lililonse la Aroma limene linatchulapo.

Malawi sali kumbuyo pa zimenezi monga ambiri amaganizira. Pa phiri la Hora ku Mzimba, mafupa a makanda awiri anapereka DNA ya zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000, imodzi mwa zakale kwambiri zimene zapezekapo kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo zinalengezedwa mu 2022. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, n'kupeza mikanda ya galasi ya kunja, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Nkhani za akuluakulu zinamulondolera pamalopo, makala n'kusonyeza kuti anthu analipo kale m'zaka za m'ma 1400.

Chigwa cha Lisungwi chili pakati pa Shire ndi mapiri a Kirk Range, ndipo golide wa mumchenga mwake amadziwika kuyambira kale. Ofuna golide, oumba njerwa ndi okonza misewu amatembenuza nthaka tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chatembenuzidwa sichibwereranso mwakale. Sitingawadzudzule anthu ofuna chakudya cha lero, koma chimene chikufunika sichiwadyera ndalama. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale ndipo limafuna kuti wozipeza adziwitse boma. Amene wapeza mapale ambiri pamodzi, ng'anjo kapena mafupa a munthu aleke kukumba pamenepo, asatsuke kapena kusuntha kanthu, ajambule ndi foni zili pomwepo, kenako auze amfumu ndi ofesi ya DC ku Neno kuti uthenga ufike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Makala asawagwire ndi manja a mafuta kapena kuwasakaniza ndi a lero, chifukwa kaboni watsopano amasokoneza kuyeza.